Dzanja Limodzi ndi Bokosi la Mphutsi

"Kiyi wa bokosi langa la zida ali kuti?"

"Bambo, ndachedwa kuntchito. Nkhani imeneyi tinamaliza kale."

"Unamaliza ndi ndani? Ine ndinalipo?"

A Kalipentala anali ataima pakhomo lolowera pabalaza, ndodo ili kudzanja lamanja, mkono wamanzere uli lende ngati wa malaya oyanika pachingwe. Mwana wawo, Kalaliki, anali pampando akumanga zingwe za nsapato. Anamanga, kumasula, kumanganso, kuchitira kuti maso ake asakumane ndi a bambo ake.

"Adokotala anati muzipuma."

"Adokotala anati ndiziyendetsa thupi. Ndinali pomwepo. Sitiroko inatenga mkono ndi mwendo, makutu inandisiyira."

"Kuyendetsa thupi si kugwira sowo. Mukadzicheka chala, anthu adzati chiyani? Adzati taonani, bambo ake akudwala koma akuwagwiritsa ntchito."

"Anthu ake ati? Alipo amene wandiona chichokereni kuchipatala? Mlendo akangogogoda pageti, iwe nyimbo ndi imodzi: 'Bambo, kapumeni kuseri.' Ndapuma miyezi isanu ndi iwiri. Ngakhale mtembo sausunga m'nyumba nthawi yaitali chonchi."

"Musamalankhule choncho."

"Ndizilankhula bwanji? Pakamwa panga panakhota, koma mawu amatuluka owongoka."

Malovu anawatsikira kumbali yokhotayo ndipo anawapukuta ndi phewa. Kalaliki anaona, nayang'ana kumbali msanga. Kuyang'ana kumbaliko kunawapweteka a Kalipentala kuposa mawu onse a m'mawawo.

"Nanga zidazo mukufuna mupangire chiyani?"

"Bokosi. Apongozi akulifuna."

Mkazi wa Kalaliki anali atangolowa ndi thireyi ya makapu. Atamva kuti watchulidwa anafuna kubwerera kukhitchini, koma mwamuna wake anamukodola.

"Bokosi la chiyani?"

"La mphutsi," anayankha motsitsa mawu. "Musayambe mwakalipa, amuna anga, tamverani kaye. Kumene ndimagula anapiye kuja, kuli mayi wina amene amaweta mphutsi zodyetsa nkhuku. Si za ntchentche za kuchimbudzi ayi. Ndi ntchentche ina yakuda, yaitali ngati mavu. Siluma, silowa m'nyumba, sitera pachakudya. Imaikira mazira pamene pali makoko ndi zotsala za m'khitchini, mphutsi zake n'kumadya zonsezo. Nkhuku za mayi aja mutaziona, mungati n'zojambula."

"Mphutsi! Ine wapampando wa komiti yoyendera odwala kutchalitchi, anthu azimva kuti ndikuweta mphutsi pakhomo panga?"

"Pakhomo pako," anatero a Kalipentala. "Denga limene wakhala pansi pakeli, unakhomapo msomali uti?"

Kalaliki anaimirira natenga chikwama chake. "Bambo, ndimakulemekezani. Ntchito munagwira, tinaiona, inatilera. Koma tsabola wakale sawawa. Kiyi akhala ndi ine."

"Lawa kaye usananene."

Geti linalira, n'kutsekeka. Mpongozi anayamba kubwezera makapu m'thireyi, tiyi wake asanamwedwe n'komwe.

"Tizisiye, bambo. Ndimangolota ine."

"Nkhuku zanu zimadya maloto? Ndaziona dzulo, mafupa okhaokha atavala nthenga. Mukulifuna bokosi kapena ayi?"

"Ndikulifuna."

"Basi. Pitani kwa wokonza njinga uja mukabwereke sowo, hamala ndi tupa. Mukanene kuti ndakutumani ndine. Benchi limene amakhalira ndinamupangira ndine, sangakane."

Sowo imene inabwera inali yobuntha moti a Kalipentala anaitukwana pamodzi ndi mwini wake. Anaipana pakati pa mawondo, natha m'mawa wonse akuinola dzino limodzilimodzi. Matabwa anachokera ku makireti othyoka amene mpongozi anapempha kumsika, ena ku bedi lakale limene linkaola pansi pa mtengo. Misomali anazula momwemo n'kuiwongola pamwala. Ntchito inkayamba Kalaliki akangotuluka pageti, n'kuweruka mthunzi wa nyumba ukafika pakhola la nkhuku. Zobisa kwenikweni panalibe, poti kuseri Kalaliki sankafikako. Kumeneko n'kumene kunali kachipinda ka bambo ake, kamene kale ankasungiramo makasu ndi matumba.

Vuto linali pa msomali. Msomali umafuna manja awiri, lina logwira, lina lomenya, ndipo a Kalipentala anali ndi lomenya lokha.

"Ndigwire ine," anatero mpongozi.

"Ndi zala zimene mumasokera zovalazo? Tengani pegi yoyanikira, mupanire msomaliwo."

Anayesa pegi, koma inkangoterereka. Pa msomali wachitatu mpongozi anaiponyera kutali, nagwira ndi zala.

"Menyani."

"Mayi, mukudziwa kuti masiku ano ndimadzandira?"

"Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Menyani, bambo."

Anamenya katatu, msomali n'kulowa wonse, mutu wake kufanana ndi thabwa. A Kalipentala anaseka, kuseka kwa mbali imodzi kumene iwo eni anali asanakumvepo. Anakondwa zedi, ndipo sanabise.

Bokosi linatenga masiku asanu ndi limodzi. Linali lalikulu ngati tebulo la anthu anayi, loima pamiyendo, mwendo uliwonse m'chitini cha madzi kuti nyerere zisakwere. Pansi anaboola timabowo totulukira madzi, nayalapo utuchi. Pamwamba anapachika tizidutswa ta katoni, poti ntchentcheyo siikira pachonyowa, imalowetsa mazira m'timipata ta katoni. Mkatimo, kumbali imodzi, munafunika thabwa lopendekeka lokwera mpaka pakabowo, ndipo kunja kwa kabowoko kunapachikidwa ndowa. Mpongozi anafotokoza kuti mphutsi zikakhwima zimada, zimasiya kudya, n'kuyamba kufunafuna pouma. Zimakwera thabwalo n'kukagwera m'ndowa.

"Zokha? Osazitola?"

"Zokha, bambo."

"Nanga thabwa la mayi aja linapendekeka bwanji?"

Mpongozi anasonyeza ndi mkono. A Kalipentala anapukusa mutu.

"Amene anapanga limenelo ali ndi miyendo iwiri yamoyo, sadziwa kuti kukwera n'chiyani. Ine sitepe ya pakhonde ija ndimayamba ndapemphera. Kanthu kopanda mwendo ndi umodzi womwe mukapatse phiri?"

Analitsitsa thabwalo kuti ligone pang'ono, nalicheka timizere topingasa kuti pasamaterere. Atamaliza zimenezo anapeza kuti matabwa atha, chivundikiro palibe. Mpongozi anafunditsa masaka awiri nati zikwanira. A Kalipentala zimenezi zinawanyansa. Pa zaka makumi anayi za ntchito yawo anali asanaperekepo kwa munthu chinthu chosamaliza.

Anathiramo makoko a nthochi, masamba a kabichi, mapapaya owola ndi zotsala za m'mbale. Tsiku loyamba kunabwera ntchentche za masiku onse, zobiriwira zija, kudzachita phwando. Lachiwiri chimodzimodzi. Mpongozi anayamba kutaya mtima.

"Mwina kuno kulibe mtundu umenewo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu kagwireni ntchito zanu, mlonda ndine. Kudikira ndinakuphunzira bwino m'kachipinda umo."

Anakhala pa chitsa pambali pa bokosi, chipewa chili pamphumi. Tsiku lachisanu dzuwa lili pamutu, kanthu kakuda kanatera pakatoni, kanayendayenda, n'kulowetsa mchira m'kampata. A Kalipentala anaitana mpongozi monong'ona, kuopa kumuthawitsa mlendoyo. Patatha sabata ndi theka, ukavundukula saka unkamva kaphokoso konga ka mafuta pamoto, mphutsi zili nyakanyaka, makoko a dzulo atasanduka dothi lakuda. Fungo loipa lija linatha. M'mawa wina m'ndowa munapezeka zodzadza dzanja, ndipo nkhuku zinatsala pang'ono kuthyola khola polimbirana.

Masiku amenewo a Kalipentala anayamba kumeta ndevu okha ndi kudzuka tambala asanatsike. Chakudya ankadyabe okha m'kachipinda kawo, koma mbale inkabwerera yopanda kanthu.

Ndiye Lachinayi madzulo kunagwa chimvula. Masaka aja anamwa madzi mpaka kulemera, n'kugwera mkati, bokosi n'kusanduka dambo. Mphutsi sizikonda kumira. Zinatuluka, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, zina pathabwa, zina pamakoma onyowawo, n'kutsata m'mphepete mwa nyumba kufunafuna pouma. Pouma panali pakhonde la kumaso, ndipo pouma koposa panali m'nsapato za Kalaliki, zimene anazisiya pamenepo chifukwa cha matope.

Mfuu umene unamveka Lachisanu m'mawa unaulutsa mbalame pa mtengo. Kalaliki anatulukira kuseri kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, phazi lina lili m'nsapato, lina m'sokosi yokha, botolo la palafini lili m'manja. Mkazi wake ankamutsatira akupepesa.

"Ndinanena kapena sindinanene? Chokani, bambo, ndichiotche chinthu chimenechi!"

A Kalipentala anatsamira bokosi, nakhazika ndodo yawo pamwamba pake.

"Thira. Uyambe ndi ine, ndine wouma kale, ndiyaka bwino."

"Mukuona ngati ndikuseka? Iwe mkazi wanga, ndi iwe unayambitsa zimenezi. Ndikamapita kuntchito ndimati ndasiya munthu wosamala wodwala, osadziwa kuti ndasiya kapitawo."

"Musawakalipire bambo, amuna anga. Chalakwika ndi mvula. Likanakhala ndi chivundikiro..."

"Ndipo chivundikiro chikanakhalapo ukanandipatsa kiyi," anatero a Kalipentala. "M'bokosi langa la zida muli mahinjesi atsopano ndi misomali yabwino. Mphutsi zakuyendera kudzafunsa chifukwa chake zikunyowa."

Kalaliki anapumira m'mwamba. Anayang'ana bambo ake kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi: malaya othimbirira ndi madzi a zinyalala, buluku lopinda mwendo umodzi, chibwano chonyowa.

"Tadzioneni. Mawa komiti ikukumana kuno. Mayi Busa akubwera, Aphunzitsi opuma aja akubwera. Akuoneni chonchi?"

"Si komiti yoyendera odwala? Wodwala ndi uyu, safunika n'kukwera basi komwe."

"Alendo akachoka mawa, ichi ndichiotcha. Mwamva nonse."

Tsiku lomwelo poweruka, dzuwa lisanalowe, Kalaliki anabweranso kuseri. Anali ndi loko watsopano, kachitsulo kokolekapo loko, ndi hamala. A Kalipentala anaizindikira hamalayo asanaione bwino. Inali yawo, ya mpini umene anasema okha.

"Ndiye bokosi la zida limatseguka?"

"Akuba achuluka masiku ano. Ndikuika loko pachitseko chanu."

"Adzaba chiyani muno? Ndowa yanga yokodzera?"

Kalaliki anakweza hamala. Anayamba kukhoma kachitsuloko kunja kwa chitseko. Msomali woyamba unakhota, wachiwiri unathawa n'kugwera m'matope. A Kalipentala anapirira, anapirira, koma mmisiri sangaonerere hamala ikuzunzidwa.

"Ukuigwira pakhosi ngati ukufuna kuipotola. Gwira kumchira, uisiye igwe yokha."

Anamuphunzitsa mpaka kachitsulo kanakhala. Mumtima kanthu kankawauza chimene loko wakunja amatanthauza, koma anakakana. Anati mwana wobereka okha, amene anamunyamulapo paphewa popita kukabayitsa katemera, sangafike pamenepo.

Loweruka masana Kalaliki anabweretsa yekha chakudya, chinthu chimene anali asanachitepo. Anaika mbale ya mpunga pa kampando, supuni pambali, nati, "Mudye bwino, bambo, mupumeko." Anatuluka, nakoka chitseko. Panamveka loko kuti khetye.

A Kalipentala anakhala pamatiresi, maso ali pachitseko. Anamva chisoni chachikulu, choposa cha tsiku limene anadzuka m'chipatala n'kupeza mkono sukuwamvera. Misozi inatuluka, ndipo anaisiya, poti panalibe woibisira.

Khoma la kachipindako linali limodzi ndi la pabalaza. Anamva alendo akulowa, mipando ikukokedwa, nyimbo, pemphero. Kenaka mawu a mwana wawo, osalala bwino, akuti odwala ndi okalamba asamaiwalidwe, pakuti nawonso ndi anthu. Mawu a mayi wina anafunsa kuti, "Nanga bambo ali bwanji? Tingawaoneko?"

"Sali bwino kwenikweni, Mayi Busa. Sadzuka masiku ano, ndipo phokoso limawasokoneza. Tiwasiye apume."

Misozi inauma pomwepo. Chimene chinabwera m'malo mwake chinali mkwiyo, wozizira bwino, wa mtundu umene umamupatsa munthu nzeru. Anayang'ananso chitsekocho, tsopano ndi maso a ntchito. Chinali cha matabwa asanu, cholimba, chosaloleza dontho la mvula. Anachipanga okha ndipo anachipachika okha. Mahinjesi ake aataliatali anali mkati, lililonse ndi masikulu anayi kumbali ya felemu. Anayeza m'litali ndi maso, nayerekeza ndi pakamwa pa bokosi la mphutsi. Chinkangofunika kudula pang'ono kumunsi.

Anatenga supuni, napukuta mpunga, nalowetsa nsonga ya chigwiriro chake pamutu pa sikulu. Akanakhala masikulu omanga munthu wina, dzimbiri likanawagwira mpaka kalekale. Koma a Kalipentala sankamanga sikulu asanaipake sopo, ndipo anzawo ankawaseka kuti amawononga nthawi. Yoyamba inalira pang'ono, n'kutembenuka. Masikulu a m'munsi anamasula atagona chammbali pansi, a m'mwamba atatsamira khoma ndi phewa lakufalo. Supuni inapindika, anaiwongola ndi chidendene, n'kupindikanso. Pabalaza anali ataimba nyimbo ina ndi kuwerenga mayina a odwala onse a mumpingo pamene sikulu yachisanu ndi chitatu inagwera pansi.

Anakankha. Chitseko chinapendekera kunja n'kulendewera pa kachitsulo ka loko. Misomali ya Kalaliki sinalimbane n'komwe, inazuka yonse pakamodzi, loko n'kugwa pansi ali chitsekere. A Kalipentala anamutola namuika m'thumba la malaya.

Kuchokera pamenepo kukafika pabokosi panali mapazi khumi okha, koma anawayenda ngati ulendo. Ankakoka chitseko pang'ono, kusuntha ndodo, kukoka mwendo, kupuma. Atafika anachigoneka pa chitsa, nasolola sowo ya wokonza njinga pamene ankaisunga, pansi pa denga la khola. Analemba mzere ndi khala. Atangoyamba kucheka, chitseko chinayamba kudumphadumpha. Panafunika munthu wochipondereza.

"Apongozi!"

Sananong'one. Anaitana ndi mawu amene kale ankaitanira anyamata padenga.

Mpongozi anatulukira pakona, ketulo ili m'manja. Anaona chitseko, naona chibowo pamene panali chitsekocho, pakamwa n'kungoti yasa.

"Mayo, bambo! Ndiye anakutsekerani? Ine anandiuza kuti mwagona."

"Ndadzuka."

"Koma lero andithamangitsa pakhomo pano."

"Sindikukakamizani, mayi. Ukwati ndi wanu, ndipo tiyi wa alendo akuzizira. Mukafuna bwererani, sindidzakusungirani mangawa. Kungoti chitsekochi chikudumpha."

Mpongozi anayang'ana kumene anachokera, nayang'ana ketulo. Anaikhazika pansi, m'matope momwemo, nakwinya chitenje, n'kugwada pachitseko ndi mawondo onse awiri.

"Chekani."

Sowo yonoledwa bwino imamveka kutali. Pabalaza nyimbo inayamba kuchepa mphamvu, mawu akuthothokamo amodziamodzi, mpaka kunangotsala sowo yokha. Woyamba kufika kuseri anali Kalaliki, nkhope itachita kuyera. Pambuyo pake panali Mayi Busa, Aphunzitsi opuma aja ndi mabuku awo a nyimbo, ndi amayi ena atatu.

"Takulandirani," anatero a Kalipentala osasiya kucheka. "Pepani sindikupatsani moni wa m'manja, dzanja ndi limodzi ndipo lili pantchito."

"A Kalipentala!" anatero Mayi Busa. "Si paja amati simudzuka?"

"Kudzuka ndimadzuka, mayi. Chovuta chinali kutuluka."

Chidutswa cha kumunsi chinagwa. A Kalipentala anaika sowo pansi, napisa m'thumba, natulutsa loko uja, misomali yokhota ikulendewerabe pa kachitsulo kake. Anamutambasulira mwana wawo.

"Loko wako uyu. Sindinamuwononge, wakadali chitsekere. Kiyi uli naye ndiwe."

Nkhuku zokha ndi zimene zinkalankhula. Kalaliki anafuna kuseka kuti nkhani ioneke yopepuka, koma kuseka kunakana.

"Ndimaopa kuti angagwe," anatero. "Amayendayenda, ndiye... ndi chitetezo chabe."

Aphunzitsi anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," anatero, osayang'ana munthu aliyense.

Mayi Busa anali munthu wosakonda chete wa mtundu umenewo. Anaomba m'manja kamodzi. "Abale, popeza wodwala tamupeza, tiyeni timupempherere."

"Pempherani, mayi, pemphero sindikana," anatero a Kalipentala. "Koma mupemphere mutagwira uko. Chitsekochi n'cholemera, apongozi okha sangachikweze."

Mayi Busa anayang'ana nsapato zawo zoyera, nayang'ana m'bokosi mmene mphutsi zotsala zinali kuyendayenda. Kenaka anapatsira mnzawo chikwama, nagwira ngodya. Aphunzitsi anagwira ina. Anachikweza, a Kalipentala akulamula ndi ndodo: kumanzere pang'ono, bwezani, tsitsani. Anaikapo timitengo tiwiri kuti patsale mpata wolowera ntchentche. Chinakhala ngati anachipangira pomwepo. Pemphero linachitika ndithu, lalifupi kuposa onse amene Mayi Busa anapempherapo, ndipo a Kalipentala anavomera amen mokweza.

Msonkhano sunapitirire. Aliyense anakumbukira kanthu kena kofunika kunyumba. Potsanzika, onse anabwera kudzagwira dzanja la a Kalipentala, la utuchi lomwelo, ndipo kwa wapampando wawo anangogwedeza mutu. Mpongozi anatola ketulo yake n'kukaima pakhomo la khitchini, osalowa.

Kalaliki anabwerako kugeti ali yekha, loko akadali m'manja.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Ine ndangotuluka m'chipinda. Ukafuna kuotcha bokosi, otcha, koma ukawafotokozere Mayi Busa. Agwirapo ntchito."

"Mukuona ngati ndimakudani?" anatero Kalaliki. "Ndinakupezani ndine tsiku lija, mutagwa m'utuchi, maso atatembenuka. Ndinakunyamulani ndine, mukundinyowetsa malaya. Ndikamva sowo ikulira mtima umandichoka. Sindifuna kudzakuonaninso choncho."

A Kalipentala anamuyang'ana m'maso. Anadziwa kuti zimenezo n'zoona, ndipo anamumvera chisoni mwana wawo. Koma chisoni sichinawatseke maso.

"Ndakumva, ndipo zikomo ponditola. Koma loko uyu sunagulire sowo. Sowo unaitsekera kalekale. Uyu unagulira kamwa langali, ndi malovu awa, ndi mwendo wokokawu. Mantha ako ndikuwamvetsa, mwana wanga. Manyazi ako ndi amene sindigona nawo m'chipinda chimodzi."

Kalaliki anachotsa maso pa bambo ake. Anatembenukira ku kachipinda kaja. Popanda chitseko zonse zinali poyera: matiresi opyapyala pansi, ndowa pakona, khoma lakuda ndi chinyontho pamene pankadontha, mbale ya mpunga ndi supuni yopindika. Kuseri kwa mpanda kunali kanjira kopita kumpopi, ndipo amayi awiri anali atachepetsa kale liwiro, zidebe zili pamutu.

"Aliyense wodutsa aziona mkatimo."

"Aone. Ine ndimagonamo, iwo kungoona sikuwapha."

"Simungagone pamtetete chonchi. Lolemba ndibweretsa chitseko china."

A Kalipentala anatola sowo, nauzira utuchi m'mano mwake, nayesa kuthwa ndi chala chachikulu.

"Bweretsa," anatero. "Koma usankhe cha thabwa labwino, chopanda mfundo. Mphutsi zikuswana, apongozi akufuna bokosi lachiwiri."